Filiji ya Apongozi Anga

Kwa Kamwendo magetsi akazima anthu sadandaula kwenikweni. Amangoti "apita," n'kupitiriza zomwe amachita. Phokoso limamveka pobwera. Wina akangokuwa kuti "Ayaka!" aliyense amathamangira kusoketi, wachigayo, wometa, wowotcherera zitsulo, ngakhale wotchajitsa mafoni. Ine ndinaphunzira mowawa kuti mphindi imeneyo ndiyo yoopsa. Chaka chomwe tinalowa m'nyumba yathu, magetsi anabwera ndi mphamvu yopyola muyeso masana ena, filiji yathu ndi wailesi ya kanema n'kupsera limodzi. Ndinali kusukulu komwe ndimaphunzitsa. Pobwera ndinalandiridwa ndi fungo la mawaya opsa, akazi anga atakhala pakhonde dzanja lili patsaya. Filiji ina sitinagulenso.

Kuyambira pamenepo ndinaika lamulo pakhomo. Magetsi akapita, chilichonse chizulidwe kukhoma, lingotsala babu limodzi lotiuza kuti abwera. Akabwera, munthu asathamange, ayambe waona ngati babulo lasiya kuphethira. Akazi anga ankanditcha mlonda wa masoketi, ine osasamala.

Ine ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Ntcheu, kuno ndinabwerera ntchito, n'kukwatira konkuno, n'kumanga pamalo a kuchikazi. Nyumba ya apongozi anga aakazi inayang'anizana ndi yathu, pakati pali mtengo wa mango ndi khola la nkhuku. Zaka zonsezo ndinali ndisanapondepo m'nyumba mwawo kupitirira pakhonde. Tikakumana panjira ankapatuka, n'kugwada chapatali, moni n'kupatsana nkhope zitayang'ana kumbali. Nkhani iliyonse yofunika inkadzera mwa mwana wawo, yemwe ndi mkazi wanga. Ndi ulemu umenewo, ndipo sindinkauona vuto.

Apongoziwo atapezeka ndi matenda a shuga, kuchipatala anawapatsa mankhwala odzibaya okha tsiku ndi tsiku, n'kunenetsa kuti timabotolo take tizikhala pozizira. Mlamu wanga wa ku Joni atamva, anatumiza filiji yaing'ono. Apongozi anailowetsa kuchipinda kwawo kogona, n'kuiyalira kansalu koluka pamwamba. Chinali chinthu chawo chamtengo wapatali kuposa zonse, ndiye pabalaza pofika aliyense sakanaiika.

Mtima wanga sunakhazikike. Filiji yosunga mankhwala suingazulezule kukhoma ngati wailesi, makamaka munthu wamkulu amene tsiku lonse ali kudimba. Ndinapita ku boma kukagula kabokosi koteteza filiji, komwe m'mashopu amati filiji gadi. Pulagi ya filiji imalowa m'kabokosiko, iko n'kulowa musoketi. Magetsi akachuluka kapena kuchepa, kamadula kokha. Akabwera kuchokera kozima, kamadikira kaye mphindi zingapo kuti akhazikike, kenako n'kutsegulira filiji. Ntchito yake yeniyeni ndi kudikirako.

Zonsezi ndinawafotokozera akazi anga bwinobwino, chifukwa wokalumikiza kuchipindako anali iwo. Anapita, ndipo sanachedwe n'komwe.

"Za kudikira zija mwawauza?" ndinafunsa.

"Ndawauza kuti ndi kabwino, asakachotse."

"Basi?"

"Inu abambo, amayi si ana anu a sitandade seveni ayi. Amva."

Ndinangoti chabwino. Kukatsutsa ndikanakatsutsira kuti, pakhonde?

M'chilimwe cha chaka chimenecho akazi anga anapita ku Lilongwe kukasamalira mng'ono wawo yemwe anali ndi pakati povuta. Pakhomo tinatsala awiri, ine ndi apongozi, aliyense m'nyumba mwake. Kunatentha kwambiri, malata akuchita kulira masana, magetsi akungopita n'kubwera.

Zomwe zinachitika kuchipinda kuja ndinadzazimva pambuyo pake. Tsiku lina apongozi anali pakhomo magetsi akubwera. Kumsewu anakuwa, babu linayaka, wailesi ya oyandikana nawo inayamba kuimba, koma filiji yawo inangoti zii. Anaimirira pamenepo akuganiza za mankhwala awo. Kwa iwo zinali zoonekeratu kuti kabokosi ka mkamwini kakutsekereza magetsi. Anakazula, n'kulowetsa pulagi musoketi mwenimwenimo, ndipo filiji inalira nthawi yomweyo. Anaona kuti akonza vuto. Kabokosiko anakakulunga bwinobwino m'jumbo kuti kasade, popeza kanali mphatso.

Kenako kunagwa chizimalupsa, mvula ya ziphaliwali. Magetsi anazima, ndipo pobwera anabwera mwaukali. Kwathu kunapsa babu lija lokha. Kwa apongozi filiji inalira kamodzi, n'kutulutsa kautsi kumbuyo.

Sanauze munthu. Mwana wawo, akazi anga aja, anali otanganidwa ndi matenda a mng'ono wawo ku Lilongwe. Wa ku Joni akanamuuza bwanji kuti filiji yapsa chaka chisanathe? Wotsala ndinali ine, yemwe ndinagula chinthu chomwe iwo anachotsa. Ndiye timabotolo anangotisiya momwemo, m'filiji yakufa, chitseko chotseka, m'chipinda chamalata chopanda siling'i, mwezi wa Okutobala. M'mawa uliwonse ankatenga n'kudzibaya monga mwa masiku onse.

M'mawa wake wa mvula ija ndinafunsa ndithu. Ndinaima pansi pa mango, iwo akusesa.

"Apongozi, magetsi a dzulo aja sanaononge kanthu kumeneko?"

"Iyayi apongozi, zonse zili bwino."

"Filiji ikugwira ntchito?"

"Ikugwira, zikomo."

Masabata otsatirawo ndinkawaona akumwa madzi pafupipafupi, akuyenda mozandima popita kuchimbudzi, chitenje chikuwakulira. Ndinaimbira akazi anga, iwo n'kuimbira amayi awo, yankho n'kubwera loti ndi dzuwa chabe.

Loweruka lina dzuwa linafika pamutu nkhuku zisanatsegulidwe. Apongozi sankachedwa nazo nkhuku zawo ngakhale pa Khirisimasi. Ndinapita pakhonde kukaodira, mpaka mawu kusasa. Amayi oyandikana nafe omwe ndikanawatuma anali atapita kumaliro ku Guilleme. Ndinaima pang'ono dzanja lili pachitseko, ndikudziona ngati wakuba, kenako ndinakankha n'kulowa.

Ndinawapeza pamphasa pambali pa bedi, milomo itauma, akupuma mothamanga, dzina langa lomwe osalidziwa. Potsegula filiji kuti nditenge mankhwala, munatuluka mpweya wofunda ndi fungo la chinthu chovunda. Pamwamba pake, pa kansalu koluka kaja, panali jumbo yomangidwa mfundo. Sindinachite kuimasula kuti ndidziwe zomwe zinali m'katimo.

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinakwiyira iwo, ndinakwiyira akazi anga ofupikitsa uthenga, ndinakwiyira ulemu wotiyankhulitsa chapatali ngati anthu odana. Koma inalibe nthawi yake. Ndinawabereka kumbuyo mpaka kumsewu, anthu a pamsika akundiyang'ana, ndipo wamalonda wina wa galimoto anatithamangitsira kuchipatala ku boma. Namwino atamva komwe timabotolo tinkakhala anangopukusa mutu. Anati mankhwala amenewa akatenthedwa nthawi yaitali mphamvu imatha, munthu amangodzibaya chabe.

Apongozi anatsitsimuka patapita masiku. Akazi anga anali atafika, ndipo ndi iwo amene anatuluka kudzandiitana pabenchi panja pomwe ndinkakhala. Anati amayi akufuna ine. Ndinalowa m'wodi n'kuima kumapazi kwa bedi, maso pansi.

"Akuti munalowa kuchipinda kwanga," anatero apongozi.

"Ndinalowa, apongozi. Mundikhululukire."

"Ndiye munaona."

"Ndinaona."

"Manyazi, bambo. Kabokosi kaja munandigulira ndinu. Ndikanayamba ndi mawu ati?"

Ndinali nditakonza zambiri zoti ndidzanene tsiku limenelo, za kudikira, za mphamvu ya magetsi, zonse zomwe zinatayika panjira pakati pa nyumba ziwiri zija. Ndinayamba kufotokoza ndili kumapazi komweko. Anandidula ndi dzanja. Shuga uja anali atawafika m'maso, ndipo mpaka lero sanayerenso bwino.

"Musayankhulire kutali," anatero. "Senderani kuno mukhale pabedi pano. Kumene mwaimako ndikungoona chithunzithunzi."