Kachubu kofiira pa msewu wa ku Chisenga

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kuphetsa mnzanga ndi pakamwa pangapa.

Tili ndi kagulu kathu kuno ku Chitipa Boma, anthu asanu ndi mmodzi okonda kupalasa njinga Loweruka m'mawa. Ambirife ndife obwera. Ine kwathu ndi ku Mulanje, ntchito ya boma ndiyo inanditaya kuno zaka zinayi zapitazo. Mwini dera ndi mmodzi yekha, a Silungwe, mphunzitsi wopuma pantchito. Ife timavala zipewa zolimba, magalasi akuda ndi makabudula othina. A Silungwe amabwera atavala jekete, pa njinga yawo yakuda yakalekale, ndipo akakumana ndi munthu m'njira amatsika n'kumulonjera. Munthu aliyense, abale! Tinawapatsa dzina loti Minibasi, poti amaima pa siteji iliyonse.

Tsikulo a Makwinja, mnzathu wogwira ntchito kuchipatala, anabwera ndi chatsopano chimene anachipeza pa kaunjika: kachikwama ka kumsana kokhala ndi thumba la madzi m'kati, ndi kachubu kotulukira paphewa kuti munthu azimwa osaima. M'malo mwa madzi anathiramo sikwashi wofiira. Tinawasirira tonse. Palibe anadzifunsa kuti kachubu kodzaza zofiira kamaoneka bwanji kwa munthu amene sakukudziwa.

Mapiri a Mafinga atayamba kuoneka bwino, tayala la a Makwinja linaphwa. Anzathu atatu anali atatitaya kale, a Silungwe tinawasiya kumbuyo akulonjera dziko lonse. Tinaima awiriwiri pafupi ndi mjigo. Amayi amene ankatunga madzi anatiyang'ana, anayang'ana kachubu kaja, kenako mmodzi anasiya ndowa ikusefukira n'kuthamangira kumudzi.

Tisanamalize n'komwe kuchotsa tayala, anthu anali atatizungulira, ena makasu ali m'manja. Sankakuwa ayi, ndipo n'chimene chinandiopsa kwambiri. Ankanong'onezana m'chilankhulo chawo, ine n'kutolapo liwu limodzi lokha: ndopa. Limenelo ndimalidziwa, ndi magazi. Pomwepo ndinakumbukira mphekesera za anamapopa zimene zimabuka m'dziko muno nthawi ndi nthawi, komanso zimene zimachitikira mlendo amene zamugwera.

Bambo wina wamtali analoza kachubu ndi mpini wa khasu, n'kutifunsa kumene tachokera.

"Imwe adada, mwafuma nkhu? Magazi a ndani aya?"

Mukudziwa chimene ndinayankha, ine wophunzirane?

"Musaope, bambo. Awa ndi a kuchipatala. Ntchito yawo ndi yoyeza magazi."

Ndinkayesa ndikuzimitsa moto, osadziwa kuti ndathira palafini. Anthu anasendera. Wina anagwira chiwongolero cha njinga ya a Makwinja. Mwala unagwa pafupi ndi phazi lawo, wachiwiri unamenya sipoko. A Makwinja anandiyang'ana.

"Achimwene, mwandipha."

Sindikunamizani, ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. M'maganizo ndinaona mkazi wa a Makwinja atatsegula chitseko, ine ndikukankha njinga ziwiri. Ndikanati chiyani kwa iye?

Kenako tinamva belu, ngiri ngiri. Minibasi yafika. A Silungwe anatsika, anayedzamiritsa njinga pamtengo, anavula chipewa.

"Monire mose."

Anayamba kulonjera mmodzimmodzi, ambiri powatchula maina. Bambo wamtali uja anamufunsa za mwendo wa mayi ake, ngati unasiya kutupa. Ine mumtima ndinkawatukwana: kodi mdala ameneyu sakuona miyala? Atamaliza moni wawo wautaliwo anatembenuka.

"A Makwinja, ludzu landipha. Ndigawireniko."

Anagwira kachubu, anayamwa, anameza anthu onse akuona. Kenako anakapereka kwa wamtali uja. Iye anazengereza, analawa, n'kukwinya nkhope.

"Shuga mwachulutsa, adada."

Wina anaseka, ena n'kutsatira. A Silungwe anatiuza motsitsa mawu kuti tivule magalasi ndi zipewa, anthu aone kuti tili ndi nkhope. Tinavula ngati ana a sukulu. Mayi wothamanga uja anabwerera ku ndowa yake, koma asananyamule anatisiyira mawu.

"Mukudutsa pano sabata na sabata ngati mphepo. Ngakhale moni. Tingakudziweni bwanji?"

Musandimve molakwa. Palibe mphekesera imene imaloleza munthu kutola mwala. Anthu osalakwa afa m'dziko muno chifukwa cha nkhani zopanda mutu, ndipo n'zoipa, zoipa basi. Kusapereka moni si mlandu wophera munthu.

Koma funso la mayi uja silikundichoka m'mutu. Ife otumizidwa ndi boma timakhala m'dera zaka, osaphunzira ngakhale mawu khumi a eni ake. Timadziwa mtunda uliwonse wa msewu wa ku Chisenga, pamene pali mchenga, pamene pali chitunda chotulutsa thukuta. Foni imatiuza liwiro lathu. Koma anthu a m'mbali mwa msewuwo timawaona ngati mitengo yodutsa. Ndipo si okwera njinga okha. Nanga inu a galimoto za mawindo akuda, amene mumangosiyira anthu fumbi?

Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Tayala limaphwa pamene lafuna, ndipo siliyamba lafunsa ngati pamenepo pali wokudziwa.

A Makwinja sanayankhe uthenga wa gulu sabata ino. Kachikwama kaja anakapachika kuseri kwa chitseko, ndipo mkazi wawo wanena kuti njinga ikatuluka iye apita kwawo. Sindikumudzudzula.

Ine Loweruka likubwerali ndipita, koma mantha sanandichoke. Ndapempha a Silungwe kuti ndiziyenda pambuyo pawo, akatsika nanenso nditsike. Chimene chikundidya ndi ichi: tsiku lija akanapeza anthu awiri okha owonjezera oti awalonjere m'njira, akanafika pa mjigo paja n'kupeza chiyani?