Tsiku limene Msamoa anakhala pansi

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka makumi awiri ndinkasewera mpira wa ku America, uja wosongoka mbali zonse ziwiri, m'timu ina yaing'ono imene inkakumana pabwalo lina kufupi ndi Easterhouse, dera la mumzinda wina ku Scotland. Ambiri mwa osewera anali abambo ndithu, amisiri omanga nyumba ndi oyendetsa mabasi, ena ndevu zitayamba kale imvi. Ine ndinali senta. Ndinkawerama patsogolo mpira uli pansi, n'kuupereka kudzera pakati pa miyendo yanga kwa munthu woima kumbuyo kwanga. Munthu ameneyo amatchedwa kotabaki. Ndiye amauza aliyense kothamangira, amafuula kuti tiyambe, kenako amaponya mpira. Malo amenewa ndi a munthu mmodzi, koma chaka chimenecho ankawalimbirana anthu awiri.

Wina anali mnyamata wa ku Partick, dera lina la mumzinda womwewo, wolongolola, wotukwana aliyense mosasankha. Winayo anali Msamoa, wochokera kuzilumba za Samoa, wa msinkhu wanga, amene anabwera kuno ndi mayi ake omwe anali namwino. Mkono wake unali wabwino kuposa wa mnzakeyo, ndipo aliyense ankadziwa. Ankaonanso zinthu. Asanalandire mpira ankayang'ana mapazi a adani, n'kudziwiratu amene akufuna kumuthamangira. Koma anali wofatsa. Tikaunjikana kuti atiuze zochita, ankalankhula ngati akupempha, makamaka kwa abambo aja. Mawu ake ndinkawamva bwino ine chifukwa anali kumsana kwanga. Akumapeto a mzere wathu wa osewera omutchinga ankadandaula kuti sakumva.

Kochi wathu sanamufune chiyambire. Tsiku loyamba lenilenilo anamuyang'ana mapewa n'kunena kuti anthu a kuzilumba zimenezo analengedwera kugunda, osati kuponya, ndipo anaseka yekha. Ndimamudabe munthu ameneyu mpaka lero, ndipo sindidzayesa kubisa.

Ine ndi Msamoayo tinkakwera basi imodzi pobwerera m'tauni. Tinkakhala mpando umodzi, zikwama pamiyendo, osalankhula zambiri. Koma ndinkamuona. Akamadutsa patsogolo pa munthu wamkulu wokhala pansi ankawerama pang'ono. Sankadya kapena kumwa ataimirira. Tsiku lina anandiuza kuti kwawo ukamadzudzulidwa ndi wamkulu suimirira, umakhala pansi kuti mutu wako ukhale m'munsi mwa wake. Ndinangogwedeza mutu. Zimenezi sizinali zachilendo kwa ine. Makolo anga atamwalira ku Zomba, agogo anga aakazi, omwe ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ananditenga ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri kudzakhala nawo ku Springburn, mumzinda womwewu. M'fulati mwawo munalibe za ku Scotland. Akandiitana ndinkanjuta pakhomo la khitchini, kulandira chinthu ndi manja awiri, maso pansi. Ndikayankha akulankhula ankandikoka khutu. Ankati mwana wamasiye wamwano alibe womuikira kumbuyo, ndipo ndinaphunzira kutseka pakamwa.

Loweruka lomaliza ligi isanayambe, kochi ananena kuti asankha kotabaki tsiku lomwelo. Kunkagwa kamvula kowaza. Msamoa anayamba bwino, anaponya mipira itatu yonse n'kugwidwa. Pa wachinayi, bambo wina woima kumanzere kwanga, wazaka pafupifupi makumi anayi, anaphonya munthu amene ankayenera kumutchinga, ndipo Msamoa anagwetsedwa chagada m'matope. Kochi analiza wezulo n'kubwera chothamanga. Sanakalipire bamboyo. Anauza Msamoa kuti amukalipire yekha, pomwepo, tonse tikumva, chifukwa mzerewo ndi wake.

Msamoa anayang'ana bamboyo, munthu wa msinkhu wa bambo ake, n'kunena motsitsa kuti palibe vuto, tiyesenso. Kochi anafiira nkhope. Anamuyandikira mpaka malovu kumugwera pachipewa cholimba choteteza mutu, akufuula kuti kotabaki si wantchito wa m'hotela, kuti ngati akuopa anthu ake omwe adzatani ndi adani.

Apa m'pamene Msamoa anavula chipewa chake cholimba chija, nakhala pansi pa udzu wonyowa, miyendo atapinda, maso pansi.

Kenako wa ku Partick uja anaseka, n'kufunsa ngati timubweretsere tiyi. Kochi anaganiza kuti mnyamatayo wanyanyala, akumunyoza pamaso pa timu yonse.

"Imirira. Ndiyang'ane kumaso ndikamalankhula nawe."

Sanaimirire, ndipo anaweramitsa mutu kwambiri. Ine ndinkadziwa chimene ndikuona. Munthu uja ankapereka ulemu wonse umene anali nawo. Kochi anatembenukira kwa ine.

"Iwe, si umayenda naye? Chamuvuta n'chiyani mnzakoyu?"

Anthu makumi atatu anandiyang'ana. Mawu ndinali nawo, ndipo sanali ambiri. Koma mwamuna wamkulu wokwiya anali ataima patsogolo panga, ndipo khosi langa linawerama monga linazolowera. Ndinayang'ana nsapato zanga n'kunena kuti sindikudziwa.

Kochi anatola mpira n'kuuponyera wa ku Partick. Nkhani inathera pomwepo.

M'basi Msamoa sanakhale pampando wathu. Anaima pafupi ndi khomo ulendo wonse, matope akuuma kumsana. Titatsala pang'ono kutsika anatembenuka.

"Unkadziwa," anatero. "Ndinakuuza ndekha."

Ndinayankha kuti nayenso pakamwa anali napo. Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali, popeza ine sindinali wamkulu wake, kenako anatsika.

Lachiwiri ndinafika msanga, ndinapeza kochi akutsitsa katundu m'galimoto, ndipo ndinamufotokozera zonse. Anamvetsera akutafuna chingamu. Anati mwambowo ndi wokongola, koma kotabaki wofuna womasulira alibe naye ntchito. Anawonjezera kuti ngati ndinkadziwa, bwanji sindinanene Loweruka. Funso limeneli linandipweteka kuposa chipongwe chake chonse, chifukwa linali loona.

Ndakhala ndikuganiza ngati munthu wofatsa, woleredwa chonchija, angatsogolere timu. Abambo aja ankatchinga Msamoa ndi mtima wonse kuposa mmene ankatchingira wolongolola uja, chifukwa sanawachititsepo manyazi. Mawu akanaphunzira kukweza, ndi nkhani ya mwezi umodzi. Chimene sakanachita ndi kutukwana munthu wamkulu pofuna kusangalatsa kochi, ndipo kochi wathu sankadziwa utsogoleri wina koma umenewo. Sanayese n'komwe kufunsa mwiniwakeyo.

Msamoa sanachoke m'timu. Kochi anamuika pamzere wotchinga, kumene ankamufuna kuyambira kale, kudzanja langa lamanja. Ligi yonse tinawerama phewa ndi phewa, tikuteteza wa ku Partick, amene ankatitukwana tonse awiri mipira yake ikagwidwa ndi adani. Msamoa ankagunda anthu mwaukali umene sindinauonepo mwa iye, ndipo kochi ankauza aliyense kuti ananeneratu. Kwa ine Msamoayo ankangotchula nambala ya munthu woti nditchinge, basi. Chaka chotsatira mayi ake anapeza ntchito kumzinda wina, ndipo anapita osanditsanzika.