Ndime imene ndinadumpha powerengera a Hamish

Lachiwiri la sabata yatha ndinagwidwa ndikudumpha mawu m'buku. Amene anandigwirayo ndi munthu wosaona.

Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Mmodzi mwa iwo ndi a Hamish a ku Easterhouse, dera lina la mzinda wa azungu umene ndikukhala kuno, amene kale ankawotcherera zitsulo kopangira sitima zapamadzi. Maso anafa, miyendo nayo ikukana. Ndikawapatsa mankhwala ndi tiyi, pamatsala kamphindi basi yanga isanafike, ndipo iwo amapempha chimodzi chokha: ndiwawerengere.

Mabuku awo mukuwadziwa, inu amene munalowako mulaibulale ya kusekondale kwathu. Aja a mapepala achikasu, onunkha fumbi, olembedwa ndi azungu a kuno makolo athu asanabadwe. Mwamuna mmodzi wanyamula chinsinsi, adani ali pambuyo, tsamba lililonse mtima uli m'mwamba.

Tsiku limenelo ngwazi ya m'bukumo inatsika sitima padoko lina la ku Africa. Maso anga anatsogola mizere ingapo, n'kuona mmene wolembayo wafotokozera anthu onyamula katundu. Anthu akuda, a msinkhu wa bambo anga. Anawalemba ngati ziweto.

Ndinatsokomola, n'kulumphira ndime yotsatira.

"Mwadumpha, Chikondi," anatero a Hamish. "Bambo anga ankandiwerengera bukuli ndili mwana. Pamenepo pali onyamula katundu."

"Alipodi, bambo. Koma mawu amene awanenera ndi olemera pakamwa panga."

Kenako anati, "Werengani. Ndimve."

Ndinawerenga. Nkhope yawo inafiira mpaka m'makutu.

"Zimenezo sindikuzikumbukira," anatero motsitsa. "Zaka zonsezi ndimangokumbukira kuti panali anthu onyamula katundu. Tsekani. Mukalitaye m'bini pansipo."

Apa ndi pamene mutu wanga unaima. Ine wonyozedwa ndinayenera kusangalala, si choncho? Koma nditasuzumira tsamba lotsatira ndinaona kuti ngwazi ija aitsekera m'nyumba yosungira thonje, wina wayatsa moto pakhomo. Ndinafuna kudziwa ngati atuluke. Ndinatsika masitepe, ndinadutsa bini, buku lili m'chikwama.

Ndili m'basi ndinakumbukira china chimene chinandisokoneza koposa. Buku lomweli ndinaliwerenga ndili folomu 2 ku Ntcheu, nditalibisa m'kope la masamu. Nanenso ndime imeneyo sindikuikumbukira. Kamtsikana kakuda, kometa mpala, kanawerenga mawu amenewo n'kupitirira ngati akunena anthu ena. M'mutu mwanga ine ndinali mzungu wothamangayo. Wonyamula katundu anali ndani? Sindinafunse.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinafotokozera banja lina la kwathu, a Phiri ndi akazi awo. Mayi Phiri sanachedwe: "Achemwali, liotcheni bukulo. Munabwera kuno kudzadzitukwana nokha ndi pakamwa panu?"

Amuna awo anapukusa mutu. "Amayi, Chingerezi chimene chinandibweretsa ku yunivesite kuno ndinachitola m'mabuku omwewo. Popanda iwo bwenzi ndikuwerenga chiyani? Analipo ena?"

Onse awiri ndinawavomera, ndipo ndinachoka nditasokonezeka kuposa mmene ndinafikira.

Kodi mabukuwa ali ndi mankhwala anji? Lowani m'shopu iliyonse ya zinthu zakale ku Pollokshields, dera lina la mzinda uno, muwapeza ali mbwee, ndipo anthu akugulabe. Mwina n'chifukwa sazengereza: mutu woyamba usanathe munthu wayamba kale kuthawa. Mwina n'chifukwa ngwazi yake ilibe foni, ilibe womuitana, ili ndi miyendo ndi nzeru basi. Ife obwera timaudziwa moyo wotero, wotsika pasiteshoni yachilendo aliyense akukuyang'ana. Koma ngati zili choncho, bwanji ndikudziona mwa munthu amene akanandiona padoko paja sakanandifunsa ngakhale dzina?

Lolemba ndinabwerera kwa a Hamish. Anamwa mankhwala. Nditayamba kuvala jekete anafunsa, nkhope atalozetsa kuzenera.

"Munalitaya?"

"Ayi, bambo. Lili m'chikwama."

Anapuma mozama. "Nanga mnzathu uja, anatuluka m'moto muja?"

Amadziwa bwino lomwe kuti anatuluka, bukulo analiloweza pafupifupi lonse. Ndinavula jekete, n'kukhala pansi. Basi inandisiya, ndipo sindinadandaule.

Kwatsala masamba ambiri, ndipo ngwazi yathu idakali ku Africa. Ndime ina yotero ikubwera, ndikudziwa. A Hamish sananene kuti tidzatani, inenso sindinafunse. Ndikadumpha, ndiye kuti ndikubisira wolembayo mlandu wake. Ndikawerenga, mawuwo atuluka ndi liwu langa, m'nyumba ya nkhalamba imene ikuchita manyazi ndi buku la bambo ake.

Mukanakhala inu, buku lili m'manja, munthu wosaona akudikira, mukanawerenga mawu onse?