Mimba ya a Mabel Nalungwe

A Mabel Nalungwe a ku Misuku ankagwira ntchito yotsuka khofi. Khofi akamusenda khungu pamakina, njere zimatsala ndi ulenda woterera, ndipo iwo ankalowa m'thanki n'kumazipalasa mpaka zitayera. Anali mayi wamphamvu, wosayankhulayankhula, wokwera phiri thumba lili kumutu osapumira panjira. Ana awo onse anali pabanja, ndipo kusamba anali atasiya kale.

N'chifukwa chake mimba yawo itayamba kukula, anzawo anaseka.

"Mama Nalungwe, mwayambiranso? Zidzukulu zidzamutchula ndani ameneyu?"

Iwo anasekerera nawo, koma ankadziwa kuti si mwana. Mwana amagunda. Ichi chinangokhala duu, cholemera, chosapweteka. Akadya nthochi yophika imodzi yokha ankakhuta. Manja anayamba kuwonda, mchombo n'kutuluka. Amuna awo, a Lyson, anapirira mpaka mvula itatha, kenako anawakweza lole ya ku boma.

Kuchipatala anawalandira a Bizwell, dokotala wochokera ku Ntcheu.

"Monire mama. Mwina ndi madzi awa, tiwachotsa," anatero, akugogoda mimbayo ndi zala.

Anabaya singano n'kukoka. Sipanatuluke kanthu. Anatenga ina yaikulu, ndipo pang'onopang'ono m'singanomo munalowa chinthu chachikasu, cholimba, chonanda. A Bizwell anachiyang'anitsitsa.

"Ngati ulenda wa khofi," anatero a Mabel. "Adokotala, wina wandiika zimenezi?"

"Ayi mama, ndi thupi lanu lomwe. Tonse timapanga zoterezi, dzina lake myusini. Ndi zimene zimapangitsa mamina ndi makhololo kunanda. Zimagwira fumbi lisafike m'mapapo, zimamata chifu kuti chisadzipsereze chokha, zimatereretsa chakudya m'matumbo. Koma malo ake ndi m'kati mwa matumbo, momwe zimatuluka tikapita kuchimbudzi. Inu zili kunja kwa matumbo, komwe kulibe potulukira."

"Zafika bwanji kumeneko?" anafunsa a Lyson.

"Ndikukayikira chotupa. Ku Mzuzu akaona bwino."

Ku Mzuzu anawang'amba. Anapeza kuti kathumbo kakang'ono kotchedwa apendikisi kanali ndi chotupa chimene chinaphulika kalekale, ndipo tizidutswa take tinamera paliponse m'mimbamo, tikupangabe ulendawo. Anakapa wodzaza beseni. Dokotala wa kumeneko sanawabisire kanthu. Anati achotsa zimene maso aona, koma tina tamatirira pamatumbo moti sitingachoke, ndipo sitidzaleka kupanga.

"Zidzabwerera liti?"

"Sindingadziwe, mayi. Zimayenda pang'onopang'ono."

A Mabel anabwerera kumudzi ali opepuka. Bala litapola anayambanso kudya, nkhope inadzaza, ndipo kutchalitchi anaimirira kuthokoza. Anthu ankati achira. A Lyson nawonso ankatero, mokweza kuposa wina aliyense. Khofi atapsa, a Mabel analowanso m'thanki, ngakhale thumba sanalisenzenso. Chaka chimenecho chinatha bwino, chotsatira chakenso.

M'mawa wina wa mu Juni, nkhungu itaphimba mapiri, a Mabel ankamanga chitenje kuti apite kuntchito. Nsonga imene ankaipisa m'chiuno inaperewera. Anamasula, n'kumanganso atapanikiza mpweya. Inafika, koma movutikira. Anagona chagada pamphasa n'kudina mimba ndi chikhatho. Inali yolimba, yosabonyoka.

A Lyson anali pakhomo akunola chikwanje. Anasiya.

"Mwatani, amayi?"

"Palibe. Ndadya kwambiri dzulo."

Onse awiri ankadziwa kuti dzulo lakelo mbale inabwerera chakudya chili momwemo. A Lyson anayang'ana kumsewu, kumene matope anali asanaume pamtsetse.

"Ndikafunse za lole?"

"Khofi athe kaye," anatero a Mabel.

Anavala juzi lalikulu la amuna awo, n'kutsika kanjira ka kumakina, akuponda mosamala.