Mayi Flossie Akuphunzitsabe ku Embakasi

Mayi Flossie, amene tinawaperekeza mwezi watha, anabadwira ku Dedza, kumene chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Ali mtsikana, mlongo wawo Jobe anagona ndi mbaula m'nyumba yotseka, ndipo sanadzuke. Mudzi unaloza chala azakhali awo, n'kuwapirikitsa ngati mfiti. Mayi anadzamva ali ku sekondale kuti chimene chinapha Jobe ndi mpweya wa makala, koma apo n'kuti azakhaliwo atafera kuchilendo. Zimenezi sizinawachoke mumtima. Ankati akatsinzina pa Misa amaona azakhali akutuluka m'mudzi, mtolo pamutu, osacheuka.

Mayi Flossie anakhala mphunzitsi wa sayansi. Amuna awo, a Davide, atapeza ntchito ku Nairobi kuno, mayi anadzipereka kuphunzitsa pa sukulu ya mpingo ku Embakasi. Kukayamba kuzizira, ana ankadziwiratu phunziro lake, la mbaula ija kuno amati jiko. "Jiko panja, zenera lotsekula!" ankatero mayi tsiku ndi tsiku, mpaka ana kumawayeserera poseka. Iwo analibe nazo ntchito.

Kenako khansa ya pakhosi inawalanda mawu. Mphunzitsi wamkulu, bambo Titus, anapempha kuti makina anzeru amene amayankha mafunso a ana pa sukulupo aphunzire mawu a mayi kuchokera m'maphunziro awo ojambulidwa kale. Mayi anazengereza, anapemphera, n'kuvomera. Anayamba kukhala kumbuyo kwa kalasi, kolona m'manja, kumvetsera mawu awo omwe akutuluka m'kabokosi. Zinkawachititsa nthumanzi, sitibisa. Makinawo akaphonya, mayi ankagogoda desiki osaleka mpaka cholakwacho chikonzedwe, chifukwa sankalola kuti bodza linenedwe ndi mawu awo.

Anatsirizika mwakachetechete atalandira masakramenti. Mzimu wawo uuse mumtendere. A Titus atafunsa ngati mawuwo afufutidwe, a Davide analira, n'kuti, "Asiyeni amalize ntchito yawo."

Lamulungu lapitali mayi wina wa ku Embakasi anatiimitsa pakhomo la tchalitchi, nkhope itagwa. Mwana wake Pauline, wa pa sukulu ija, anali atakana kulowa m'bulangeti mpaka jiko litatuluka panja.

"Akuti aphunzitsi a Flossie anawauza Lachisanu," anatero mayiyo. "Koma si aja munapita nawo kwawo m'bokosi?"

Tinapita nawodi. Koma jikolo analitulutsa, ndipo m'nyumbamo onse anadzuka.