Mtulo wa Bambo Lodwick

Akomiti adandipempha kuti ndilembe mbiri ya malemu bambo Lodwick Chadzunda m'kalata yathu ya mpingo ya mwezi uno, ndipo adati ndilembe mwaulemu komanso mwachidule. Zaulemuzo ndiyesetsa. Zachidulezo mundikhululukire, chifukwa munthu amene wakhala akutidzutsa ndi belu zaka zonsezi sindingamulembe m'mizere itatu ngati chilengezo cha mbuzi yosowa.

A Lodwick adabadwira ku Chipoka. Bambo awo adali msodzi, Mkhristu wobatizidwa bwinobwino, koma nyengo ya usodzi ikakwana ankakhalitsa pachilumba cha Mbenji, ndipo mtulo, ndalama ija Mkhristu aliyense amapereka ku mpingo chaka ndi chaka, adaleka kupereka. Atamwalira, akuluampingo a kumeneko adagamula kuti maliro ayende opanda belu ndiponso opanda kwaya. A Lodwick adali akadali mwana wa kupulayimale. Ankatiuza kuti chimene chidawatsalira m'makutu tsiku limenelo si kulira kwa mayi awo ayi, koma kulira kwa makasu ndi dothi likugwera pabokosi, popanda ndi mmodzi yemwe woyambitsa nyimbo.

"Ine ndikadzafa mudzandiimbire," ankatero. "Kaya mudzandikulunga mumphasa, zilibe kanthu. Koma nyimbo yokha musadzandimane."

Ife tinkaseka, poti ankanena zimenezi akadali ndi mphamvu zosenza thumba la mpunga ngati mtolo wa udzu.

Sukulu adalekezera panjira chifukwa cha kusowa. Adabwera kuno ku Lifuwu kudzagwira maganyu m'minda ya mpunga, ndipo ndi kuno kumene adakumana ndi mayi Eveles, nadalitsa ukwati wawo m'tchalitchi chathu chino chisadafoleredwe ndi malata. Mulungu adawapatsa ana aakazi awiri, onse adakwatiwa kutali. Chaka chilichonse a Lodwick ankakhala m'gulu la oyamba kupereka mtulo, ndipo khadi lawo la mtulo ankalisunga m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi korona.

Alendo owerenga kalatayi adziwe kuti belu lathu si belu lenileni. Ndi chitsulo cha gudumu la lole chopachikidwa pamtengo wa mango, ndipo amachimenya ndi chitsulo china. Palibe amene adawasankha a Lodwick kuti aziimba beluli, adangoyamba okha. Ankaimba m'mawa uliwonse, Lamulungu, ndipo makamaka pakagwa zovuta. La maliro ankaliimba mwapang'onopang'ono, moti ngakhale uli kumunda umadziwa kuti wina watisiya. Sankafunsa kuti womwalirayo adali ndani. Ankangosiya zimene akuchita, kaya ndi chakudya, n'kuthamangira pamango paja.

A Kenneth atapuma pantchito ya m'boma adatsegula chigayo chopunthira mpunga pafupi ndi msika, ndipo adalemba ntchito anthu awiri: a Lodwick ndi a Ayub, Msilamu wa kufupi ndi doko. Ntchito yake ndi yothira mpunga m'makina, kumanga lamba akaduka, kusoka matumba ndi kusesa mankhusu. Fumbi lake limalowa m'maso, m'mphuno, mpaka m'chifuwa. Zaka zoyamba malipiro ankabwera mwezi ukatha, ndipo mayi Eveles adagula mbuzi ndi malata angapo.

Kenako kudayamba Lachisanu. Mwezi ukatha a Kenneth ankati, "Mavenda sadandilipire, tionane Lachisanu." Lachisanu likafika ankati dizilo wakwera, tionane Lachisanu linalo. Mwezi umodzi unkalowa mu unzake, mpaka antchito aja sankadziwanso kuti kandalama kamene alandira n'ka mwezi uti. Nthawi yomweyo n'kuti a Kenneth atagula galimoto ya pikapu ndipo akumanga nyumba zochititsa lendi. Sindikunena kuti adamangira ndalama ya yani, ine ndikungonena zimene tonse tinkaona ndi maso. Ndi nthawi yomweyonso pamene tidawasankha kukhala msungichuma wa tchalitchi chathu, poti adatigulira mabenchi. Mabenchiwo tikukhalirabe mpaka lero.

Zitavuta kwambiri, a Kenneth adayamba kulipira antchito awo ndi mpunga wosweka, uja wotsalira pansi pa sefa, umene mavenda amaukana. Ankauyeza okha ndipo mtengo wake ankatchula okha. A Ayub adapirira chaka chimodzi, kenako adatula pansi lamba.

"Wallahi, a Lodwick, tiyeni tizipita," adatero a Ayub. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Lachisanu la bwana wanuyu simudzaliona."

"Ndikachoka ndiye kuti zonse zakumbuyo zapita," adayankha a Lodwick. "Komanso bwanawa ndi mbale wanga, a Ayub. Timaima pamzere umodzi polandira Ukalistia. Angandibere bwanji?"

A Ayub adapita kukayanika usipa, a Lodwick n'kutsala okha ndi ntchito ya anthu awiri. Mayi Eveles ankakazinga zitumbuwa za mpunga wosweka uja n'kumagulitsa pasukulu, koma kandalama kake kankathera pa mchere ndi sopo. Mbuzi zija zidagulitsidwa imodziimodzi. Sindidawamvepo a Lodwick akutukwana bwana wawo. Ukawafunsa za kuntchito ankangoti, "Tikupuma mpweya waulere, amayi, tithokoze." Ine mawu amenewa ankandikwiyitsa, ndipo ndinkawauza maso ndi maso kuti kufatsa kwina n'kudzipha.

Chaka chija tinkafuna kukonza denga, komiti idakhazikitsa lamulo lakuti amene ali ndi ngongole ya mtulo ya zaka ziwiri, akamwalira katekisiti azingopemphera mwachidule, popanda belu ndi kwaya. A Lodwick n'kuti ali kale m'gulu limenelo. Adamva lamuloli ali chikhalire pabenchi.

Lamulungu lotsatira adabwera ndi thumba la mpunga panjinga. Titatuluka m'tchalitchi adalikankhira pathebulo la mtulo, pamene padakhala a Kenneth ndi a Anderson, apampando athu. Ine ndidali pomwepo.

"Ndabweretsa mtulo wanga," adatero a Lodwick, chipewa chili m'manja.

A Kenneth adapisa dzanja m'thumbamo, n'kuyang'ana mpungawo ngati sadauonepo chibadwire.

"Mtulo ndi ndalama, a Lodwick. Mpingo si msika. Komanso mpunga wosweka chonchi angagule ndani?"

"Ndi womwe uja mudandipatsa, bwana."

"Za kuntchito tizikamba kuntchito. Pano ndi pa Mulungu."

A Anderson adayang'ana kumbali. A Lodwick adamanganso thumba lawo, n'kulikweza panjinga, n'kumapita akukankha. M'mawa mwake belu lidalira pa nthawi yake ngati kuti palibe chachitika.

Chifuwa chidayamba ngati chimfine. Kuchipatala adati ndi fumbi la kuchigayo, ndipo adawauza kuti asiye ntchito. Sadasiye, ankadikira Lachisanu. Adagwirabe mpaka tsiku limene adagwa pamulu wa mankhusu, anthu odzapunthitsa mpunga n'kuwanyamula kupita nawo kunyumba. Adagona miyezi iwiri. A mphakati wathu, kagulu ka Akhristu oyandikana nyumba, tinkapita kukapemphera nawo, ndipo nthawi zonse ankatifunsa kuti belu akuimba ndani, ndipo ngati akuliimba bwino.

Sabata yomaliza a Kenneth adabwera kudzawazonda atanyamula botolo la zakumwa. Adawagwira dzanja n'kunena, pamaso pa mayi Eveles, kuti Lachisanu akonza zonse, malipiro ndi mtulo womwe. Nkhope ya a Lodwick idawala ngati ya mwana. Lachisanu lidafika, lidapita. Loweruka masana adaitana akazi awo.

"Eveles, bwana alipira?"

Mayi Eveles adali atapita kale kukafunsa kwa a Anderson m'mawa womwewo, ndipo yankho ankalidziwa. Adawayang'ana amuna awo, n'kuwakonzera chofunda.

"Alipira, bambo. Khadi lanu layera."

"Ndimadziwa ine," adatero a Lodwick. "Ndiye muwauze akwaya asathamange nayo nyimbo, aziimba modekha."

Adatenga korona wawo, n'kuyamba kupemphera chapansipansi. Sadamalize. Adapita mwakachetechete ngati munthu wogona atatopa, mtima uli m'malo. Ndaonapo imfa zambiri, koma yamtendere ngati imeneyi sindidaionepo, ndipo mtenderewo adawapatsa ndi mayi Eveles, osati ife.

A Kenneth adali atapita ku Lilongwe kukagula zitsulo za chigayo, ndipo foni yawo siinkapezeka. Bambo Mfumu, amene amatiyendera kamodzi pamwezi, adali kutali kumsonkhano. Komiti idakhala pansi n'kunena kuti lamulo ndi lamulo. A mphakati tidati tisonkhe ndalama tilipire, koma a Anderson adakana. Adati mtulo sulipiridwa munthu atafa, kupanda apo aliyense azidikira imfa kuti alipire.

Choncho belu silidalire. Anthu a kumunda adamva za malirowa mochedwa, ena adamva titaika kale. A Ayub adafika m'mamawa atavala mkanjo wawo woyera, ndipo adakhala pansi pamodzi ndi abambo. Patapita nthawi adafunsa mokweza kuti aliyense amve.

"Kodi si awa amakudzutsani tsiku ndi tsiku? Ngakhale ife timamva chitsulo chija tikuchokera kumzikiti. Nanga lero chakhaliranji chete?"

Chakudya cha pamaliro chidali mpunga wosweka uja, thumba lomwe lidakanidwa pathebulo la mtulo. A Anderson nawonso adadya.

Kumanda katekisiti adapemphera mwachidule monga adalamulidwa, adzukulu n'kuyamba kukwirira. Padangomveka makasu ndi dothi likugwera pabokosi. Apo mayi Eveles adaimirira, n'kuyambitsa okha nyimbo imene amuna awo ankaikonda. Mawu awo ankaduka chifukwa cha kulira. Amayi angapo tidawathandiza, koma akwaya ambiri adaweramitsa mitu poopa kuitanidwa kukomiti. Tidaimba ndime imodzi, ndipo siidamveke bwino.

A Kenneth adabwera Lachinayi. Lamulungu adaimirira kutsogolo nthawi ya zolengeza, n'kunena kuti chifukwa cha chifundo alipira ngongole yonse ya mtulo ya wantchito wawo wokhulupirika. A Anderson, omwe aja adati mtulo sulipiridwa munthu atafa, adalandira ndalamayo ndi manja awiri. Tchalitchi chidawomba m'manja. Akulu adati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame, koma tsiku limenelo ndidaona anthu onyowa ndi mame akuwombera m'manja wokwera njovu.

A Kenneth adandituma ine kukapereka khadi kwa mayi Eveles. Ndidawapeza akupeta mpunga pakhonde.

"Nanga malipiro awo aja?" adandifunsa.

"Akuti Lachisanu."

Sadalikhudze n'komwe khadilo. Adapitiriza kupeta.

"Mukawapatse eni ake, amayi. Mukudziwa kumene agona."

Akomiti adati ndimalize ndi chitsanzo chimene malemuwa atisiyira. Atisiyira kupirira, kukhulupirika pa ntchito, ndi mtima wosaganizira mnzako zoipa. Adaimbira belu aliyense, wolipira ndi wosalipira yemwe, ndipo kwa ife adapempha chinthu chimodzi chokha moyo wawo wonse. Ambuye awalandire m'kuwala kwawo, ndipo nyimbo imene tidawamana akaimve kumeneko, yoimbidwa modekha.

Khadi lija lili kwa ine, ndi chidindo chake chatsopano. Amene akudziwa njira yoliperekera kwa mwini wake abwere adzalitenge.