Kalata ya Mpingo ya Akuzike

Akuzike anabadwira ku Ntcheu, ndipo uphunzitsi ndi umene unamuponya ku Hewe, kumpoto kwa Atumbuka. Tsiku limene anatsika pa lole pafupi ndi sukulu, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, anauza mwamuna wake Jerome kuti asamasule katundu yense. "Kuno sitikhalitsa," anatero. Zaka zinayi zinatha akunena zomwezo. Jerome ndiye anatopa chaka chachinayicho, n'kupita ku Joni kukasaka maganyu, kumusiya ali ndi pakati komanso mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu, Chikhulupiriro.

Mkhristu akamasamuka, abusa amamupatsa kalata yoti akapereke kumpingo wa kumene akupita kuti akamulandire ngati wawo. Kalata ya Akuzike inagona pansi pa sutikesi zaka zonsezo. Kwa iye kuipereka kunali kuvomera kuti wakhazikika, ndipo zimenezo sankazifuna n'komwe. Lamlungu lililonse ankapita kutchalitchi ndithu, koma ankakhala pabenchi yomaliza pafupi ndi khomo, n'kumatolera mawu awiri atatu a Chitumbuka amene ankawamva. Nyimbo yotsekera isanathe, iye anali atafika kale pa mjigo. Mwana wake ndiye anali wina. Chitumbuka chinkathamanga pakamwa pake ngati wobadwira konko, ndipo ku Sande sukulu sankajomba.

Mimba itakwana miyezi isanu ndi itatu, namwino wa kusikelo anamuyeza kawiri, nkhope n'kusintha. Miyendo inali itatupa, magazi akuthamanga kwambiri.

"Aphunzitsi, izi si zamasewera. Lolemba mupite kuchipatala cha ku boma, mukadikirire komweko. Ndipo musapite nokha, mupite ndi gadiyani."

Gadiyani! Munthu woti azikamuphikira, kumuchapira, kuthamangira anamwino zikavuta. Akamutenga kuti? Mayi ake anamwalira kalekale. Anaimbira mng'ono wake Judy ku Ntcheu, koma Judy anali akudwazika apongozi ake amene anafa ziwalo. Foni ya Jerome inali isakupezeka masiku khumi ndi awiri. Aphunzitsi anzake anali kalikiliki ndi mayeso. Nanga Chikhulupiriro atsala ndi ndani? Akuzike anachita mantha, mantha enieni. Ankati akayamba kulemba pabolodi, choko chinkaima chokha, ana n'kumangomuyang'ana. Zoti akapemphe kutchalitchi anaziganizako, koma manyazi anamugwira. Munthu wopanda dzina m'kaundula, wothawa moni zaka zinayi, akayambira pati?

Loweruka masana akuyanika matewera kuseri kwa nyumba, anaona amayi atatu akubwera m'njira ya kusukulu. Anavala mabulauzi oyera ndi mipango yoyera ya amayi a mpingo, ndipo ankayenda pang'onopang'ono motsogozana, osaseka. Kwawo ku Ntcheu amayi akabwera chonchi pakhomo pa munthu, osaitanidwa, ndiye kuti abweretsa uthenga wa maliro. Anakhala pansi pa dothi pomwepo, thewera lili m'manja.

"Monire, aphunzitsi," anatero wamkulu wa iwo, mayi Rahab Nyagondwe, mlimi wa fodya wa manja okhakhala amene Akuzike ankangomudziwira kumsana m'tchalitchi.

"Ingonenani," anatero Akuzike. "Jerome wamwalira liti?"

Amayi aja anayang'anana. Kenako a Nyagondwe anawomba m'manja.

"Agho! Wafa ndani? Palije wafa, mwana wane. Dzukani pansipo, muzizidwa ndi mimba."

Anamukweza n'kumukhazika pakhonde. Nkhani yake inali iyi: dzulo lake pophunzira nyimbo za Sande sukulu, Chikhulupiriro anakana kuimba. Atamufunsa analira, n'kunena kuti amayi ake akupita ku boma okha ndipo mwina sakabwerako. Akuzike anagwira pakamwa. Iye ankayesa kuti akulankhula pafoni motsitsa mawu, osadziwa kuti khoma la nyumba ya aphunzitsi lilibe chinsinsi.

"Ndiye takambirana," anapitiriza a Nyagondwe m'Chichewa chawo chokoka. "Ine ndipita nanu. Ndikatopa adzandilandira Angela uyu. Mwana akakhala kwa Isabella mnzathu winayu, ali ndi anzake awiri kumeneko, sukulu sajomba."

"Nanga fodya wanu? Si nthawi yosankha ino?"

"Fodya ali ndi eni ake ambiri kunyumba. Inu muli ndi ndani?"

Apa Akuzike analephera kupirira. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kalata ija, yofiirira, mphemvu zitadya m'makona.

"Amayi, ndisakunamizeni. Ine si wa mpingo wanu. Kalata ndi iyi, sindinapereke."

A Nyagondwe sanailandire n'komwe.

"Tikudziwa chomene, tikudziwa bwino lomwe. Kodi mumayesa benchi ya kukhomo ija imasowa wokhalapo? Timakusiyirani dala. Kalatayo mudzapereka nokha kutsogolo, mwana ali kumsana."

Musaganize kuti mtima unakhala pansi pomwepo. Lamlungu madzulo dzuwa lisanalowe anaperekeza Chikhulupiriro kwa Isabella, nyumba imene anali asanalowemo chibwerere, ndipo anayang'ana zonse ndi diso la nakubala: pogona, ukonde wa udzudzu, chitsime chosavindikira kuseri. Anabwereza kanayi konse kuti mwanayo sadya therere. Isabella anangoti, "Yewo, tamva," uku akuseka. Chikhulupiriro anali atalowa kale m'masewera a fulaye, ndipo anatsanzika mayi ake ndi dzanja limodzi. Zimenezo zinamupweteka Akuzike, komanso zinamupepuza.

Lolemba anakwera matola. A Nyagondwe anakweza mtolo wa nkhuni, ndowa, mapoto awiri ndi thumba la ufa, n'kukangana ndi kondakitala mpaka anamupatsa Akuzike mpando wa kutsogolo. Msewu wonse galimoto ikagwa m'dzenje, iye ankagwira mimba n'kuwerenga mumtima ngati mwana akusunthabe. Foni ya Jerome anaiyesanso atafika pa Bolero, koma inali chete.

Kuchipatala namwino anamuyeza, n'kumuuza kuti wachita bwino kufulumira. Kenako anatenga fomu, n'kuloza ndi cholembera mayi wachikulire amene anaima pakhomo atasenza ndowa.

"Gadiyani ndi awa? Ndi ndani wanu?"

Akuzike anatsegula pakamwa kuti afotokoze za Ntcheu, za benchi ya kukhomo, za kalata. Anayang'ana manja okhakhala aja atagwira chikwama chake cha matewera.

"Ndi amayi anga," anatero.

Namwino analemba. A Nyagondwe anali atayamba kale kufunsa kumene agadiyani amasonkhera moto.